Tsiku Limene Ndinapala Achule pa Njinga

Anzanga, inu amene mumakonda kundifunsa kuti njinga yanga yakuda bii ija ndi ya mtundu wanji, lero ndikuuzani zonse kuti mundileke. Sekani ndithu, palibe mlandu. Inenso masiku ano ndimaseka, kungoti kuseka kwake nthawi zina kumandithera pakhosi.

Zinachitika m'chaka changa chachiwiri nditasamutsidwira ku sukulu ina ya pulaimale kuseri kwa Kabudula uko. Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Apo n'kuti mayi a kunyumba atatsikira kulichete zaka zinayi m'mbuyomo, mwana wathu mmodzi yekhayo atakwatiwa ku Balaka, ndiye ndinafika kumeneko ndekhandekha, ndi sutikesi, wailesi, mpando umodzi ndi makapu awiri. Kapu yachiwiriyo musandifunse ntchito yake, munkangogona akangaude. Anthu a kumeneko ndi aulemu kwabasi, ukakumana nawo chipewa chili m'manja, "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" koma moni akatha aliyense ankalowera kwa abale ake, ine n'kulowera kwa wailesi. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi anthu ankabalalika m'magulumagulu, uyu ndi apongozi, uyu ndi alamu, ine n'kumachedwa dala kumanga zingwe za nsapato kuti zisaoneke kuti ndikuyenda ndekha. Mabatire a wailesi akatha ndinkadzifunsa ndekha mafunso n'kumadziyankha, ndipo nthawi zina tinkatsutsana.

Inali nthawi ija matipate atakhazikika, masitolo a mu Lilongwe atadzaza ndi katundu wakunja wa mitundumitundu, wina wolimba, wina woti ukangomuyang'anitsitsa athyoka. Ine ndi kamalipiro kanga ka uphunzitsi ndinakwanitsa njinga yobiriwira, yopepuka. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula, linali la zilembo zothyola lilime. Aliyense ankangoti Chule, poti chizindikiro chake chinali chule wonenepa wovala chisoti chachifumu, akumwetulira ngati wapambana zisankho. Ndipo amene anapanga njingayo ankamukonda chule wakeyo mopyola muyeso. Pamadigadi chule, pafelemu chule, kumbuyo kwa chishalo chule, pabelu chule, ngakhale pamapedulo, pamene munthu umapondapo ndi matope, anaikaponso chule.

Njingayo inkayenda bwinobwino, sindingainamizire. Koma dera lonse linkadziwa kuti Chule ndiye njinga yotsika mtengo kuposa zonse, ya munthu amene fodya wake sanayende bwino ku okushoni. Ndikamadutsa pabwalo la sukulu, kalasi yonse inkayamba kulira ngati achule a kudambo mvula itagwa, ndikacheuka onse zii, maso m'mabuku. Mphunzitsi wathunthu, wa tayi pakhosi, kumayendera pa chule! Zinkandidya mumtima, ngakhale sindinauzepo munthu.

Tsono pageti la sukuluyo pankakhala mayi wina wamasiye, a Nambewe, wogulitsa zitumbuwa nthawi ya buleki, amenenso ankaimba kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. M'dera lonselo ndi iwo okha amene ankandifunsa funso n'kudikira yankho. "Dzulo munadyera chiyani, aphunzitsi?" Ndikati ndinangomwa tiyi, ankapukusa mutu n'kundiwonjezera chitumbuwa cha basela. Masiku ena tikaweruka ndinkawanyamulira dengu pakaliyala, ine n'kumakankha njinga, iwo pambali, mpaka pamene njira zathu zinkasiyana. Kaliyalayo ankagwedera njira yonse, mpaka tsiku lina iwo anang'amba kansanza pa chitenje chawo chakale, n'kugwada, n'kumanga kunsi kwake.

"Ikusokosa iyi," anatero, "sitikumvana."

Anzanga, mawu awiri atatu amenewo ndinayenda nawo sabata yathunthu. Sitikumvana! Ndiye kuti alipo munthu amene akufuna kumva zimene ine ndikunena?

Nditalimba mtima n'kutulutsa za kukhosi, iwo anayankha akukanda dengu ndi chala.

"Ine pandekha ndilibe mawu, aphunzitsi. Mawu ali ndi atsibweni. Mubwere Loweruka masana akuoneni nkhope."

Tsiku limenelo nditafika kunyumba ndinatsuka kapu yachiwiri ija, akangaude ndinawauza kuti ayambe kufuna malo ena.

Koma mukudziwa inu kuti ulendo wotere munthu suyenda wekha, umatenga mbale kapena mnzako woti akakulankhulire lilime likauma. Ine ndinalingalira anthu onse amene ndinkawadziwa kumeneko, ndinapeza kuti wondiperekeza popanda kufunsa zambiri ndi njinga yanga basi. Ndiye wondiperekeza akhale chule wovala chisoti? Mbiri ya atsibweni awowo ndinali nditaimva kale: mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wa zigafa zitatu, woyendera njinga zija zakale za ku Mangalande, zakuda, zolemera, zosadzitama ndi zithunzi. Ndinadziona ndikutsika pa Chule pakhomo pawo, mlandu utagamulidwa kale ndisanapereke n'komwe moni.

Lachisanu titaweruka masana ndinaitulutsira njinga kuseri kwa nyumba. Cholinga changa chinali chaching'ono, ndikulumbira: kumatula kasitika kamodzi kokha ka pamadigadi akumbuyo, kamene kamaonekera kwambiri munthu ukaimika njinga. Kamodzi! Amati safunsa anadya phula, koma inu ndiuzeni, ndikanafunsa yani? Wailesi?

Ndinayamba ndi chikhadabo. Sitika inamatuka theka, mutu ndi chisoti zinachoka, panatsala chule wodulidwa khosi atangokhala phee pamadigadi, woopsa kuposa poyamba. Ndinathirapo madzi otentha, ayi ndithu. Ndinatenga palafini wa m'nyali n'kupukuta ndi kansalu, pepala linachoka koma penti wa pamenepo anatuwa, ndipo chule uja anabwereranso, tsopano ngati mzukwa wake, mbuu, miyendo ndi chisoti zonse zili m'malo. Ndiye ndinati dikira, ndikuonetsa. Ndinatenga sitiliwaya wotsukira mapoto. Posakhalitsa mzukwa unachokadi, pamodzi ndi penti yense, panatsala chitsulo cha mbee, malo aakulu ngati chikhatho.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaima patali, manja m'chiuno, ndinaona kuti kumbuyo kuli chipsera pamene kutsogolo chule akumwetulirabe, zinthu sizikufanana. Ndipo ife aphunzitsi zosafanana zimatipweteka. Ndinapala wa kutsogolo. Ndinapala awiri a pafelemu. Pakhosi pa njinga, kunsi kwa mahandulo, panali chule wamalata wokhomedwa ndi timisomali tiwiri, ameneyo ndinamuzula ndi mpeni, mpeni unaterereka n'kundicheka chala, pakhosipo panatsala mabowo awiri ngati mphuno za nkhumba. Kodi magazi anandiletsa? Ndinangomanga chala n'kupitiriza. Wa pachishalo ndinamuyamba ndi lezala, koma lezalalo linalowa mozama, siponji n'kutulukira panja. Wa pamapedulo anali woumbira mumphira, ndinawotcha mpeni pambaula n'kumamusungunula pang'onopang'ono, fungo lake mpaka nkhuku za ahedi zinasamuka pamene zinkafukula.

Kunatsala belu. Chule wa pabelu anali wodinda m'chitsulo, sitiliwaya ankangomupukuta kuti awale bwino. Ndinapita kuchipinda chosungira katundu wa sukulu, poti makiyi ankakhala ndi ine, n'kubwereka tupa lonolera makasu. Ndinapala, ndinapala, thukuta kamukamu, mpaka chule anatha. Nditayesa kuliza, belu lija limene linkamveka tsidya la dambo linangoti kho, n'kukhala chete.

Tupa likadali m'manja ndinaigadabuza njinga, matayala m'mwamba, kuti ndione ngati watsala wina. Kunsi kwa felemu, pakati pa mapedulo, ndinapeza kachule kakang'ono ngati njere ya chimanga, kotsatizana ndi manambala ambirimbiri. Ndani akanagona pansi kukaona kumeneko? Atsibweni? Koma mutu unali utatentha kale. Ndinapala kachuleko, ndipo poti manambala anali pafupi, ndinati angondiwonongera ukhondo, nawonso apite. Inde, ine amene ndimaphunzitsa masamu Sitandade 7, ndinafufuta nambala ya njinga yanga ndi manja angawa.

Dzuwa likupendeka njinga inali mawangamawanga ngati galu wa mphere. Panafunika penti. Nanga penti ndikanamupeza kuti Lachisanu madzulo kumudzi ngati kumene kuja? Apo ndinakumbukira kuti m'chipinda muja ndinaona kachitini ka penti wotsala wopakira mabolodi. Wakuda. Ngati njinga za ku Mangalande zija! Ndinaona ngati pemphero layankhidwa. Ndinapaka felemu, madigadi, foloko, pamwamba pa kaliyala, ngakhale chishalo kuti siponji isaoneke, ndi burashi yothothoka imene inkasiya ubweya wake paliponse. Nditamaliza ndinatulutsa mpando wanga umodzi uja n'kukhala, ndikuiyang'ana. Ndinalakalaka pakanakhala munthu woti ndimufunse kuti waiona bwanji. Ndinadzifunsa ndekha, ndipo ulendo uno tinagwirizana kuti yakongola.

Loweruka ndinavala thalauza langa lotuwa lopitira kutchalitchi, jekete ndi tayi, n'kumanga shuga, sopo ndi buledi pakaliyala. Inali nyengo yachisanu, fodya ali mkati mogulitsidwa, ndipo penti anali asanaumitsitse. Fumbi lonse la mumsewu linkathamangira pa njinga n'kukakamira, ndipo ndikafuna kudzuka pachishalo ndinkamva thalauza likukana. Koma ndinali wosangalala, ndikuimba chamumtima nyimbo imene a Nambewe ankaitsogolera kukwaya. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pamphambano ya msewu wopita ku Nsaru pali kamsika, kutali ndithu ndi kusukulu kwathu, ndipo tsikulo kanali kodzaza. Ndikulowa chonchi ndinangomva wenzulo, pyee! Kutsogolo kwanga kunaima bambo wamtali wandevu, dzanja m'mwamba. Amenewo anali a Gwaza, apampando a achitetezo cha m'mudzi, aja amagwira akuba n'kukawapereka ku polisi. Pamtengo pambali pawo panatsamira njinga yawo: Chule wobiriwira, achule onse ali pomwepo, opukutidwa, akuwala.

"Tsikani, bambo. Njingayi ndi ya yani?"

"Ndi yanga. Ndine mphunzitsi."

"Sitinafunse ntchito. Ndi ya mtundu wanji?"

"Ndi njinga basi."

A Gwaza anakhudza felemu ndi chala, chala chinabwerako chakuda. Ananunkhiza. Kenako anaigadabuza, katundu wanga n'kugwera m'fumbi, n'kuloza kunsi kuja kumene ndinati palibe angagone pansi kukaona.

"Nambala ili kuti?"

Apa m'pamene ndinadziwa chimene ngakhale mwana wa m'deralo ankachidziwa, kupatula ine wopanda wocheza naye. Nyengo ya fodya alimi amagula njinga zatsopano, akuba n'kumaziba, ndipo wakuba akaba njinga ntchito yake yoyamba ndi kupala zizindikiro, kufufuta nambala ndi tupa, n'kupaka penti wakuda. Ine ndinali nditachita zonse zitatu, mwadongosolo, osadumpha ndi chimodzi chomwe. Kukanakhala sukulu ya akuba, mayeso ndikanakhoza.

"Ndili ndi lisiti!" ndinatero, ndikupisa m'thumba la jekete.

A Gwaza anaimitsanso njinga n'kuitsamiza pamtengo, kenako anawerenga lisitilo mokweza kuti msika wonse umve.

"Njinga imodzi, ya Chule, yobiriwira, nambala yakutiyakuti." Anayang'ana njinga, anayang'ana ine. "Bambo, apa sindikuona Chule, sindikuona kubiriwira, sindikuona nambala. Lisiti ili ndi la njinga ina. Ndiye kuti mwaba ziwiri eti?"

Anthu anali atatizungulira kale, ogulitsa tomato, a kaunjika, a mbatata, onse atasiya malonda. Mwadzidzidzi bambo wina wamfupi wovala chikhoti anadzipanikiza pakati pa anthu n'kugwira mahandulo.

"Ndi yanga iyi! Inabedwa pachigayo mwezi watha. Ya ku Mangalande yeniyeni, anandisiyira malemu bambo anga. Taonani kuda kwake!"

Anzanga, ndiulule tchimo. Kwa kamphindi ndinamva kukoma. Ntchito yanga yaoneka! Munthu waiyesa ya ku Mangalande! Koma nditamva wina kumbuyo akuti, "Amenewa osawanyengerera, a matayi ndiwo akuba enieni," kukoma kuja kunatheratu. Ndinayamba kukuwa, ine mwiniwake, pakati pa msika, mawu amene ndinatayira tsiku lathunthu ndi magazi a chala kuti asamveke.

"Ndi Chule iyi! Chule weniweni, wotchipa, wotsikitsitsa! Tanyamulani mumve kupepuka! Ya ku Mangalande ingapepuke chonchi?"

"Nanga achule ali kuti?" anafunsa a Gwaza.

"Ndinawapala."

"Chifukwa?"

Funso limenelo lilibe yankho loti munthu wa tayi anganene pagulu.

Anandivula nsapato n'kundiuza kuti ndikhale pansi patsinde pa mtengo, monga amachitira ndi aliyense wogwidwa. Ndikutembenuka kuti ndikhale, msika wonse unafa ndi phwete, poti kumbuyo kwa thalauza langa lotuwa kunali kutadindika chishalo chonse, chakuda, chooneka bwino kuposa chule aliyense amene ndinamupala.

"Chabwino," anatero a Gwaza, tsopano mofatsa. "Ife sitikonda kuzunza munthu. Tchulani munthu mmodzi woidziwa njingayi adzakuchitireni umboni. Apo ayi tikupita nanu ku polisi."

Munthu mmodzi. Ahedi anali atapita kumaliro ku Kasiya. Aphunzitsi anzanga ankadziwa njinga yobiriwira yodutsa patali, iyi akanaikana. Kwa wokonza njinga sindinapiteko ndi kamodzi komwe, machubu ndinkamata ndekha. M'gulumo ena ankati nkhope si yachilendo, koma a Gwaza anati nkhope si njinga. Ndinakhala pansi paja, masokosi obooka ali poyera, ndikuyendera m'mutu khomo ndi khomo m'dera limene ndinakhalamo chaka ndi miyezi, osapeza khomo loti ndigogode. Manyazi a thalauza anali aang'ono. Chimene chinandiwawa n'chakuti khamu lonselo linkandiyang'ana, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti aime n'kunena kuti uyu ndi wathu.

Dzina linalipo limodzi lokha, lomwenso sindinkafuna kulitchula. Ndinalitchula monong'ona.

"A Nambewe a zitumbuwa? A kwa akulu a mpingo aja? Kwawo ndikukudziwa, ndikawatenga ndekha." A Gwaza anasiya anzawo awiri kuti andilondere, anakwera Chule wawo, belu ngiringiri, n'kuzimirira m'fumbi.

Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu. Anthu ankabwera kudzandiona n'kubwerera ku malonda awo, ena n'kubweranso ndi anzawo. Mbuzi ina inapeza buledi wanga, palibe anaiingitsa, ndipo inenso ndinalibe mphamvu zolimbana nayo. Mayi wina wachikulire anandiponyera kachidutswa ka nzimbe, akuti, "Idyani mwananga, kuba n'koipa koma njala ndi njala." Ndinathokoza, ndinadya.

Atatulukira, a Nambewe anali pakaliyala wa a Gwaza, atavala chitenje chatsopano ndi mpango wa pa Sabata, zovala zimene anavalira ine. Ndipo ankaseka. Sindikudziwa chimene bambo wandevuyo ankawauza njira yonse, koma ine miyezi yonse ija ndinali ndisanawaseketsepo choncho. Atandiona pansi paja kuseka kunatha. Anaizungulira njinga kamodzi, n'kugwada monga anagwadira tsiku lija, n'kuloza kunsi kwa kaliyala.

"Kansanza aka ndinamanga ndine, n'ka chitenje changa. Ndipo tasuzumirani apa."

Anakasuntha pang'ono kansanzako. A Gwaza anasuzumira, wachikhoti uja anasuzumira, ine ndinakwawa n'kusuzumira. Pamene panali pataphimbika panali pobiriwira, ndipo pakati pake panali chule mmodzi wotsala, chisoti chili pamutu, akumwetulira. Ndikukuuzani, sindinaonepo nkhope yokongola ngati imeneyo.

Wachikhoti uja anazemba osatsanzika. A Gwaza anandibwezera nsapato ndi manja awiri.

"Pepani aphunzitsi, ndi ntchito. Koma Chule ndi njinga yabwino. Ine wanga uyu ndayenda naye zaka zitatu, sanandichititsepo manyazi."

A Nambewe anandiitanira pambali, kuseri kwa ogulitsa mbatata. Analankhula motsitsa, mosakwiya, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira.

"Munawachotseranji achule, aphunzitsi?"

"Ndimafuna atsibweni asaone kuti ndi yotchipa."

"Atsibweni akuidziwa kale. Ndinawauza ndine kuti kubwera aphunzitsi a pa Chule, iwo anati ndiye kuti ndi munthu wosadzikweza, nkhuku iphedwe." Anakonza mpango. "Njinga iyi yakunyamulani tsiku ndi tsiku osadandaula, inu mwachita nayo manyazi mpaka kuisenda chonchi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndimanunkha utsi ndi mafuta a zitumbuwa. Inenso ndine wa mtundu wa Chule. Tsiku limene adzabwere anzanu ophunzira kunyumba, mudzandipala ndi chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ine amene ndimalankhula kuyambira m'mawa mpaka masana pamaso pa kalasi yodzaza, ndinangoti kho, ngati belu langa.

"Pitani mukachape thalauza," anatero. "Za kwa atsibweni tidzaona."

A Gwaza anali atayandikira kale, akukankha njinga yawo. "Poti ndinawatenga ndine, ndikawatulenso ndine." Munthu waulemu kwabasi. Ine ndinamanga jekete m'chiuno kubisa chishalo chija, n'kukankha njinga yanga njira yonse mpaka kunyumba, poti kukweranso ndinaopa kudinda kachiwiri. Ndinamva pambuyo pake kuti a Gwaza atafika kumeneko atsibweni aja anawakakamiza kukhala pansi, poti nkhuku inali itapsa kale ndipo mlendo sanabwere. Ndinamvanso kuti a Gwazawo nawonso akazi awo anamwalira kalekale. Zonsezi palibe anandiuza panthawi yake, paja ine nkhani zimandipeza zitazizira.

Musaganize kuti sindinayese kukonza zinthu. Loweruka lotsatira ndinakwera galimoto mpaka ku Lilongwe, kusitolo kumene ndinagula njinga, n'kufunsa ngati amagulitsa masitika a chule. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Achule sitigulitsa paokha, bwana. Amabwera ndi njinga. Anu anapita kuti?"

Ndinati zikomo, n'kutuluka.

Pageti a Nambewe ankandipatsabe moni waulemu, koma dengu anayamba kusenza okha. Patatha miyezi inayi abusa analengeza ukwati wa a Nambewe ndi a Gwaza m'tchalitchi, ine ndili pabenchi lachitatu, ndikuyang'anitsitsa buku la nyimbo ngati muli zachilendo. Tsiku la ukwati anadutsa mumsewu wa kusukulu, mkwatibwi ali pakaliyala, achule onse akuwala, belu ngiringiri. Akuti atsibweni polankhula kumadyerero anathokoza onse amene anathandiza kuti awiriwa adziwane. Dzina sanatchule, koma akuti anthu anaseka mpaka kutaya thobwa. Ine ndiye nkhoswe yoyamba m'dziko muno kugwira ntchito yake itakhala pansi, yopanda nsapato.

Akangaude anabwerera m'kapu muja, sindinawafunse kanthu. Njinga ndikadali nayo. Dzimbiri linatulukira monse mmene ndinapala, belu silinachire, koma penti wa bolodi uja ndi wokhulupirika pa ntchito yake, choko chimalembapo bwino kwambiri. Kuyambira sabata imene ndinagwidwa, ndikaweruka ndinkapeza wina wajambula chule pamadigadi, chisoti ndi kumwetulira komwe. Poyamba ndinkafufuta ndi mkono wa jekete, ndikuopseza kalasi yonse. Masiku ano ndimamusiya. Pageti pamagulitsa mayi wina amene sapereka basela ndipo safunsa kuti ndadyera chiyani, ndiye ndikatuluka m'kalasi, amene amandidikira akumwetulira ndi chuleyo. Timapita limodzi kunyumba.

Ndiye mukadzandiona ndanyamula botolo la mafuta ophikira pepala lake lili lendelende, musadabwe kuti sindikulimatula. Ndinalumbira patsinde pa mtengo uja, masokosi ali poyera, kuti chinthu chikabwera ndi chule wake, chikhale naye. Ine zopalapala ndinasiya, anzanga. Ngakhale nsomba ndimaphika ndi mamba omwe.